Kodi Kuchipatala Nkutali Bwanji? Tiyeni Tiyeze Njira

Ife aphunzitsi a sukulu ya akulu tikukuthokozani chifukwa mwasiya khasu, mwasiya mtondo, mwabwera kudzaphunzira.

Lero sitiphunzira chilembo chatsopano. Lero tigwiritsa ntchito zimene taphunzira kale. Tadziwa kuwerengera. Tadziwa kuona nthawi pa wotchi. Tadziwa kulemba dzina la mudzi wathu. Zinthu zitatu izi nzokwanira kuti tiyankhe funso limodzi lalikulu: kodi kuchokera m'mudzi muno kukafika kuchipatala nkutali bwanji?

Tikafunsa funsoli, mayankho amasiyana. Mnyamata wa njinga amati, "Ndi pompano." Agogo amati, "Nkutali, mwana wanga." Mayi wobereka mwana amati, "Ukanyamuka tambala woyamba, umafika dzuwa litakwera." Onsewa akunena zoona. Koma mawu akuti "kutali" sangamange chipatala, chifukwa mudzi uliwonse umati kwawo nkutali. Amene amagawa anamwino, mankhwala ndi simenti amafuna nambala. Mudzi wopanda nambala umaiwalika msanga.

KUMENE TACHOKERA

Pa nthawi ya atsamunda Achipwitikizi, zipatala zazikulu ndi madotolo ambiri anali m'mizinda, makamaka ku Lourenço Marques, kumene lero timati Maputo, ndi ku Beira. Mlimi wa kumudzi ankadalira chipatala cha mishoni ngati chinalipo pafupi. Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga ntchito za umoyo kukhala za dziko. Madotolo ambiri anachoka m'dziko muno pa nthawi imeneyo. Otsala anali ochepa, ndipo anthu ambiri anali kumidzi.

Choncho panafunika nzeru yoti mankhwala azitsata anthu. Kuyambira 1976 mpaka 1979, magulu a katemera anayenda m'zigawo zonse kubaya anthu katemera wa nthomba, chikuku ndi chifuwa chachikulu. Mu 1978 boma linayamba kuphunzitsa anthu osankhidwa ndi midzi yawo kuti azithandiza odwala m'mudzi momwemo. Anthu amenewa anatchedwa APE. Chaka chomwecho cha 1978, mayiko a dziko lapansi anakumana mumzinda wa Alma-Ata, nagwirizana kuti chithandizo choyamba cha umoyo chiyenera kukhala pafupi ndi kumene anthu amakhala ndi kugwira ntchito.

Kenaka kunabwera nkhondo. Zipatala zazing'ono mazanamazana zinatenthedwa kapena kutsekedwa, milatho inagumulidwa, ndipo anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Kuyambira pamenepo zipatala zamangidwanso, zina zatsopano zawonjezeka. Koma dziko lathu ndi lalikulu, ndipo midzi ndi yotalikirana. Funso lija likadalipo.

NJIRA ZITATU ZOYEZERA

Pali njira zitatu zoyezera mtunda wa kuchipatala. Tiyeni tizione imodziimodzi.

Njira yoyamba ndi ya mbalame. Munthu amatenga mapu, amaika chala chimodzi pa mudzi, china pa chipatala, nayeza mzere wowongoka. Njira imeneyi ndi yachangu, koma imanama. Khwangwala amauluka pamwamba pa phiri, pamwamba pa dambo, pamwamba pa mtsinje. Ife sitiuluka. Pa mapu chipatala chikhoza kuoneka pa makilomita 6, pamene pakati pali phiri loyenera kulizungulira.

Njira yachiwiri ndi kuyeza msewu kapena kanjira kamene timayendamo, ndi makona ake onse. Imeneyi ndi yabwinopo. Imatiuza makilomita enieni amene phazi limaponda. Koma siitiuza ngati njirayo ndi yokwera kapena yotsika, ya mchenga kapena ya matope.

Njira yachitatu ndi kuyeza nthawi: maola ndi mphindi zimene munthu amatha panjira. Imeneyi ndiyo imanena zoona zonse, chifukwa matenda sawerenga makilomita, amawerenga maola. Mayi akataya magazi ambiri atachira, akhoza kumwalira pa maola 2 okha ngati sanathandizidwe. Mwana wa malungo aakulu akhoza kutisiya tsiku limodzi lisanathe. Choncho tikamayeza, tiyeze makilomita, koma koposa zonse tiyeze maola.

ZIMENE AKATSWIRI ANAPEZA

Si ife tokha amene timafunsa funso limeneli. Mu 2016 akatswiri awiri, a Luis ndi a Cabral, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa dziko lonse la Mozambique. Anaika zipatala, midzi ndi misewu pa mapu a m'kompyuta. Ananena kuti munthu amene angafike kuchipatala pa mphindi 60, ndiye kuti ola limodzi, ali pafupi, ndipo wopitirira pamenepo ali kutali. Kenaka anawerengera kawiri: koyamba ngati munthu akuyenda pa galimoto, kachiwiri ngati akuyenda pansi.

Tamvani kusiyana kwake. Pa galimoto, anthu 6 okha mwa anthu 100 aliwonse ndiwo anali kutali. Poyenda pansi, anthu 67 mwa 100 anali kutali. Dziko ndi lomwelo, zipatala ndi zomwezo, anthu ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi kayendedwe basi. Atayeza malo, anapeza kuti poyenda pansi magawo 90 mwa magawo 100 a dziko lonse anali kutali ndi chipatala. M'chigawo chathu cha Tete anali magawo 93 mwa 100, kuposa zigawo zina zonse.

Tiphunzirapo chiyani? Wina akatiuza kuti mudzi wathu uli pafupi ndi chipatala, timufunse mwaulemu kuti, "Mwayeza ndi galimoto kapena ndi miyendo?" Pakati pathu pano, ndi angati ali ndi galimoto? Ambiri timayenda pansi, ena pa njinga, ena pa ngolo, ena amalipira njinga yamoto ndalama zikakhalapo.

MSEWU WA CHILIMWE SI MSEWU WA DZINJA

Njira imene timayenda mu Seputembala si imene timayenda mu Febuluwale. M'chilimwe timawoloka mtsinje madzi ali m'mawondo. M'dzinja mtsinje womwewo umadzaza, ndipo timayenera kuzungulira kukafuna mlatho, kapena kukhala pansi kudikira kuti madzi aphwe. Tikumbukirenso kuti dzinja ndiyo nyengo imene udzudzu umachuluka ndipo malungo amakula. Nthawi imene timafuna chipatala kwambiri ndi nthawi yomweyo imene njira imavuta kwambiri.

Mu Malichi 2019, namondwe wotchedwa Idai anagwa pafupi ndi Beira, nawononga misewu, milatho ndi zipatala. Akatswiri ena anayeza maboma amene anakhudzidwa. Namondweyo asanabwere, ana pafupifupi 79 mwa 100 osakwana zaka 5 akanatha kufika kuchipatala pa maola 2. Atadutsa, anatsala ana pafupifupi 53 mwa 100. Midzi sinasunthe, koma chipatala chinatalikira. Kwathu kuno, mu Januwale 2022, namondwe Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè pafupi ndi mzinda wa Tete. Mlatho umodzi ukagwa, ulendo wa ola limodzi ukhoza kusanduka wa tsiku lathunthu.

Choncho njira iliyonse tiiyeze kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja.

KODI AKUYENDAYO NDANI?

Munthu wamkulu wamphamvu, pa njira yabwino, amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola limodzi. Koma wamphamvu sapita kuchipatala. Amene amapita ndi mayi wa pakati pa miyezi 9, ndi mayi wobereka mwana wotentha thupi, ndi nkhalamba ya ndodo, ndi amuna 4 onyamula wodwala pa machira, akumapumira ndi kusinthana. Tikatuma mnyamata wothamanga kuti akayeze, atibweretsera nambala yokoma koma yopanda ntchito. Tiyeze ndi mayendedwe a wodwala.

Tionenso poyambira. Tikayeza kuchokera pa bwalo la a nyakwawa, amene kawirikawiri ali pafupi ndi msewu, tiiwala mabanja a kuseri kwa phiri ndi a kutsidya kwa dambo. Tiyeze kuchokera pakati pa mudzi, tiyezenso kuchokera ku nyumba yomalizira. Mudzi suthera pa msewu.

Tione pofikira. Zipatala si zofanana. Chipatala chaching'ono chimapereka katemera, chimayeza malungo, chimalandira amayi a sikelo. Koma mwana akapingasa m'mimba, pamafunika opaleshoni, ndipo chipatala chaching'ono sichichita opaleshoni. Pamenepo wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu, monga cha ku Ulónguè, ndipo zikavutanso amapita ku chipatala cha chigawo mumzinda wa Tete, makilomita opitirira 200 kuchokera ku Ulónguè. Anzathu a m'malire ena amawolokera ku Dedza kapena ku Ntcheu, m'dziko la Malawi, chifukwa miyendo imasankha kumene kuli pafupi. Zimenezinso tizilembe. Tilembe maola a ku chipatala chaching'ono, tilembenso maola a ku chipatala cha opaleshoni.

MMENE TINGAYEZERE

Tsopano tifike pa ntchito yeniyeni. Sipafunika kompyuta. Pafunika chingwe, njere za chimanga, wotchi kapena foni, pensulo ndi kope.

Choyamba, tidziwe mapazi athu. Kilomita imodzi ndi mamita 1000. Tibwereke tepi ya mmisiri womanga nyumba, tiyeze mamita 100 pa bwalo losalala. Munthu ayende mtunda umenewo monga amayendera masiku onse, akuwerenga mapazi ake. Tiyerekeze kuti waponda ka 140. Ndiye kuti pa kilomita imodzi adzaponda ka 1400, chifukwa 140 kuchulukitsa ka 10 ndi 1400.

Chachiwiri, tisataye chiwerengero panjira. Woyezayo aike njere za chimanga m'thumba la kumanja. Akaponda ka 100, atenge njere imodzi aiike m'thumba la kumanzere, ayambirenso kuwerenga pa 1. Akafika kuchipatala, awerenge njere za kumanzere. Kwa munthu wa mapazi 140 uja, njere 14 ndi kilomita imodzi. Njere 28 ndi makilomita 2. Njere 126 ndi makilomita 9. Ngati m'mudzi muli njinga yamoto imene geji yake ya makilomita imagwira ntchito, tilembe nambala ponyamuka ndi pofika, tichotsere, tifananize ndi njere zathu.

Chachitatu, tione nthawi. Tilembe nthawi yonyamukira ndi nthawi yofikira. Wanyamuka 6 koloko m'mawa, wafika hafu pasiti 8. Watha maola 2 ndi mphindi 30. Sitiyenera kukonza ulendo wapadera. Tsiku la sikelo amayi amapita kale. Wophunzira mmodzi atsagane nawo, ali ndi wotchi ndi kope. Tiyeze maulendo atatu kapena anayi, chifukwa ulendo umodzi ukhoza kutinamiza.

Chachinayi, tilembe zopinga: dzina la mtsinje, miyezi imene sitingawoloke, malo a matope kumene ngolo imatitimira, mtengo wa njinga yamoto usana ndi mtengo wake usiku, ndi malo amene foni imagwira ngati tifuna kuitana ambulansi.

Chachisanu, tijambule mapu. Tiyambe pansi, pa dothi. Mwala ukhale chipatala, ziguduli za chimanga zikhale midzi, phulusa likhale mtsinje, chingwe chikhale njira. Aliyense aone, aliyense akonze. Amayi alankhule, chifukwa ndiwo amayenda njira imeneyi kawirikawiri kuposa abambo. Tikagwirizana, mmodzi akopere mapuwo papepala.

Nachi chitsanzo cha mudzi wongoyerekeza, kuti tione mmene tsamba lathu lingaonekere:

Mabanja a m'mudzi: 85.
Njira ya chilimwe: makilomita 9.
Mnyamata wamphamvu: ola 1 ndi mphindi 50.
Mayi wobereka mwana: maola 2 ndi mphindi 30.
Onyamula machira: maola 3 ndi mphindi 30.
Njira ya dzinja, yozungulira pa mlatho: makilomita 15.
Mayi wobereka mwana: maola 4 ndi mphindi 30.
Onyamula machira: maola 6.

Taonani tsamba limeneli. Mudzi ndi umodzi, koma nambala yaing'ono ndi ola 1 ndi mphindi 50, yaikulu ndi maola 6. Munthu wa mu ofesi akaona yaing'ono yokha, adzati mudziwu ulibe vuto. Akaona zonse, adzamvetsa chifukwa chake amayi ena amachirira panjira mu Febuluwale.

NAMBALA ZATHU ZIPITE KUTI?

Pepala losungidwa m'denga limadyedwa ndi chiswe. Tilembe mapepala atatu ofanana. Limodzi likhale kwa a nyakwawa ndi komiti ya umoyo ya m'mudzi. Lachiwiri lipite kwa namwino wamkulu wa chipatala chathu. Lachitatu lipite kwa mkulu wa lokalidade, kuti alifikitse ku ofesi ya umoyo ya boma. Tilembepo tsiku, tilembepo dzina la mudzi, tisainire ndi dzanja lathu. Tisawonjezere nambala kuti timveke, pakuti akabwera kudzayeza napeza bodza, sadzakhulupiriranso ngakhale zoona zathu.

Sitikukulonjezani kuti mukapereka pepala, mawa mudzaona simenti. Chipatala chimafuna ndalama zambiri, anamwino, nyumba zawo, madzi ndi mankhwala. Koma nambala zimatsegula zitseko zingapo, ndipo tiyenera kuzidziwa.

Khomo loyamba ndi la wothandiza odwala wa m'mudzi. Mu 2010 boma linatsitsimutsa ntchito ya APE, ndipo linati aziikidwa m'midzi imene ili pa makilomita 8 mpaka 25 kuchokera kuchipatala. Anaphunzitsidwa kuyeza malungo ndi kupereka mankhwala ake, kuthandiza mwana wotsegula m'mimba ndi wa chibayo, ndi kutumiza msanga wodwala kwambiri. Taonani, muyezo wake unali makilomita. Mudzi wodziwa makilomita ake umadziwa chopempha.

Khomo lachiwiri ndi la gulu la anamwino loyendera midzi, limene m'Chipwitikizi amati brigada móvel. Limabweretsa katemera ndi sikelo ya ana pansi pa mtengo. Galimoto ndi mafuta nzochepa, choncho amasankha kopita. Pepala lathu liwathandiza kusankha bwino.

Khomo lachitatu ndi chidikiro, nyumba ya pafupi ndi chipatala imene amayi apakati amakhalamo podikira tsiku lawo, imene amati casa de espera. Ngati tayeza ndi kupeza kuti m'dzinja machira amatha maola 6, mayi wa m'mudzi muno asadikire kuti matenda amuyambire kunyumba. Apite kuchidikiro masabata omaliza, mtsinje usanatseke njira. Abambo, ntchito yanu ndi kukonza ufa, nkhuni ndi womudikirira, ndi kusamala ana otsala pakhomo.

Khomo lachinayi lili m'manja mwathu. Mapu athu adzationetsa malo amene amatidyera nthawi. Mwina ndi kamtsinje kamodzi kofuna mitengo ndi miyala. Mwina ndi chigwembe chimene ngolo singadutse. Mutu umodzi susenza denga, koma midzi itatu yoyenda njira imodzi ikhoza kukonza malo amenewo mvula isanagwe. Tikhozanso kupangana kuti ngolo ya yani kapena njinga yamoto ya yani idzanyamula wodwala usiku, ndi kusonkha kandalama ka mafuta kokhala kwa msungichuma wa komiti.

OLA LIMENE LIMATAYIKA PAKHOMO

Akatswiri a uchembere amati mayi amachedwa m'malo atatu: pakhomo posankha zopita, panjira, ndi kuchipatala podikira chithandizo. Lero tayeza kuchedwa kwa panjira. Koma kuchedwa kwa pakhomo nakonso kumawerengedwa ndi wotchi yomweyo. Tikamadikira kuti kuche, tikamadikira malume kuti abwere adzalamule, tikamayamba tayesa kwina, maola akupita.

Banja lodziwa kuti ulendo ndi wa maola 3 lidziwe kuti lilibe ola lotaya. Mwana akakomoka kapena kugwidwa ndi linjirinjiri, akakana kuyamwa ndi kumwa, akamasanza chilichonse, akamapuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, tinyamuke nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Mayi wapakati akaona magazi, akamva mutu waukulu ndi kuona zidima, kapena matenda akatenga usana ndi usiku mwana osabadwa, tinyamuke. Mabanja apangane lero kuti bambo akakhala kulibe, amene alipo ndiye alamule ulendo.

Ndipo tikafika kuchipatala, wotchi isalowe m'thumba. Tilembe nthawi imene tadikira pa mzere. Tikapeza potseka kapena mankhwala atatha, tilembe tsiku lake mopanda mkwiyo ndi mopanda kunyoza munthu, tikapereke ku komiti. Chipatala chimene tafika koma osathandizidwa chikadali kutali.

MAWU OMALIZA

Amayi ndi abambo, makina a m'mwamba amajambula misewu ndi madenga a nyumba zathu, ndipo akatswiri amawerengera bwino. Koma makina sadziwa kuti ndi mtsinje uti umene umatseka njira mu Febuluwale. Sadziwa kuti agogo amapuma kangati pa chitunda. Zimenezo mumazidziwa ndinu. Kale munkazisunga m'mutu. Tsopano mukhoza kuzilemba, ndipo cholembedwa chimafika ku ofesi kumene mwini wake sanafikeko.

Sabata yamawa aliyense abwere ndi njere za chimanga zodzaza dzanja. Tidzayeza mamita 100 pa bwalo la sukulu, ndipo aliyense adzalemba nambala ya mapazi ake m'kope mwake. Tsiku la sikelo likubwerali, awiri a ife adzatsagana ndi amayi. Mvula ikadzagwa tidzayezanso.



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani njira zitatu zoyezera mtunda wa kuchipatala. Ndi iti imene imanena zoona zonse?
2. Munthu amaponda ka 130 pa mamita 100. Adzaponda kangati pa kilomita imodzi?
3. Mayi wanyamuka 5 koloko m'mawa, wafika 9 koloko. Watha maola angati panjira?
4. Ndi nyumba ziti za m'mudzi mwathu zimene zili kutali kwambiri ndi chipatala? Ndi miyezi iti imene njira yawo imatsekeka?
5. Lembani m'kope mwanu: dzina la mudzi, dzina la chipatala, ndi dzina la mtsinje umene uli pakati.